Kumanga mabawuti pa muyeso woyenera ndi kuthetsa kudontha kwa oyilo pa njinga yamoto

Munthu akadzuka m'mawa n'kupeza kadontho ka oyilo pansi pa njinga yake yamoto, dzanja limathamangira ku sipanala, chifukwa amaganiza kuti pamene pakudontha ndiye kuti pamasuka, ndipo pomasuka pamafunika kumangitsa. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Komabe pa injini zambiri zimene ndatsegulapo, oyilo anayamba kutuluka chifukwa chakuti wina anamangitsa mabawuti mopitirira muyeso, mpaka gasiketi (pepala kapena labala woikidwa pakati pa zitsulo ziwiri kuti oyilo asadutse) inaphwanyika, chivindikiro chinapindika, kapena mazinga a m'bowo (timizere tozungulira timene bawuti imagwira) anatha. Chimene chimatsekereza oyilo ndi gasiketi yabwino yopanikizidwa mofanana pakati pa zitsulo ziwiri zosalala, ndipo ntchito ya bawuti ndi kupereka kupanikiza kumeneko pa mlingo umene opanga injini anauwerengera.

Yambani ndi kupeza pamene oyilo akutulukira

Pamene kadontho kagwera si kawirikawiri kukhala pamene oyilo watulukira. Oyilo amatsetsereka kutsata zitsulo mpaka pamalo otsika kwambiri, ndipo njinga ikamayenda mphepo imamukankhira kumbuyo, kotero kuti oyilo wochokera pamwamba pa injini amatha kuoneka ngati akutuluka pa bawuti yokhuthulira oyilo imene ili pansi penipeni. Choncho musanamasule kanthu kalikonse, tsukani injini yonse itazizira ndi mankhwala ochotsera mafuta kapena palafini, muipukute, ndipo muisiye iume bwinobwino. Mukatero wazani pawudala wopyapyala m'malo onse olumikizira amene mukuwakayikira, lizani injini kwa mphindi khumi, kapena yendani kaulendo kakafupi, kenako yang'anani ndi tochi. Oyilo amasiya kamzere kakuda pa pawudala woyerayo, ndipo mukakatsatira kupita m'mwamba ndi kutsogolo mudzafika pa gwero lake.

Samalani ndi zinthu ziwiri zimene zimanamiza anthu ambiri. Mafuta opaka tcheni amaunjikana kuseri kwa chivindikiro cha supuloketi yakutsogolo, ndipo injini ikatentha amasungunuka n'kumadontha ngati oyilo wa m'injini. Oyilo wa m'mashoko akutsogolo nayenso amauluzika ndi mphepo n'kukagwera pa injini. Ngati mlingo wa oyilo wa m'injini sukutsika pakatha masiku angapo, ganizirani zimenezi musanayambe kumasula zivindikiro zimene zilibe vuto.

Zimene zimachitika mukamanga bawuti

Bawuti ikamangidwa imatanuka pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, ndipo pofuna kubwerera m'malo mwake imakoka zitsulo ziwiri zija n'kuzipanikiza pamodzi ngati sipuling'i. Mphamvu yozunguzira bawutiyo ndi imene amakaniko amaitchula kuti torque, ndipo imayezedwa mu newton metre, chidule chake Nm. Mabuku akale a njinga za ku Japan amalemba mu kgf-m, ndipo 1 kgf-m ndi pafupifupi 9.8 Nm. Mabuku a ku America amalemba mu ft-lb, ndipo 1 ft-lb ndi pafupifupi 1.36 Nm. Palinso in-lb, imene ndi yochepa ka 12 kuyerekeza ndi ft-lb, ndipo apa m'pamene ngozi imabisala: 10 Nm ndi pafupifupi 89 in-lb, koma munthu akawerenga molakwa n'kutchera torque wrench yake, chida chomangira chimene chimalira mukafika pa nambala yotcheredwa, pa 89 ft-lb, bawuti yaing'onoyo imaduka iye asanamve n'komwe kulira kwa chidacho. Werengani zilembo zimene zili pambali pa nambala musanatchere kalikonse.

Pa mphamvu yonse imene mumaika pa sipanala, pafupifupi magawo 90 pa 100 amathera pa kukhulana kwa zitsulo, m'mazinga ndi pansi pa mutu wa bawuti, ndipo magawo ngati 10 okha ndi amene amatanula bawutiyo. Mfundo imeneyi ikufotokoza zinthu zambiri. Bawuti ya dzimbiri kapena ya mazinga odzaza ndi zinyalala imafika pa nambala yolembedwa isanapanikize gasiketi mokwanira, ndipo oyilo amadontha ngakhale kuti munamanga pa muyeso wa m'buku. Bawuti yopakidwa oyilo kapena girisi imazungulira mofewa, ndipo pa nambala yomweyo imatanuka kwambiri n'kukoka mazinga kuposa mmene angapirire. N'chifukwa chake buku la malangizo limanena ngati mazinga ayenera kukhala ouma, opakidwa oyilo, kapena opakidwa mankhwala oletsa kumasuka. Pamene silinanene kanthu, mazinga akhale oyera ndi ouma.

Kumbukiraninso kuti mabawuti ndi achitsulo pomwe thupi la injini ndi zivindikiro zake nthawi zambiri ndi za aluminiyamu, amene ndi wofewa ndipo akatentha amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Pamkangano wa bawuti ndi bowo lake, amene amagonja ndi mazinga a m'bowo, ndipo amenewo ndi ovuta kukonza kusiyana ndi kugula bawuti ina. Mabawuti a zivindikiro ndi a mutu wa injini amangidwe injiniyo itazizira.

Nambala zoyenera

Nambala yeniyeni ya bawuti iliyonse ili m'buku la malangizo okonzera njinga yanu, ndipo palibe chimene chingalowe m'malo mwake. Komabe ndi bwino kudziwa milingo imene imapezeka kawirikawiri, kuti mukaona nambala yachilendo mudabwe musanawononge. Bawuti ya mazinga a mamilimita 5 imamangidwa pafupifupi pa 5 Nm, ya mamilimita 6 pakati pa 8 ndi 12 Nm, ya mamilimita 8 pakati pa 22 ndi 27 Nm, ndipo ya mamilimita 10 pakati pa 34 ndi 40 Nm. Pulagi ya mazinga a mamilimita 10 imafuna 10 mpaka 12 Nm, ndipo ya mamilimita 12 imafuna 15 mpaka 20 Nm.

Kukula kumene tikunenaku ndi kwa mazinga, osati kwa sipanala imene imagwira mutu. Bawuti ya mazinga a mamilimita 6 imakhala ndi mutu wa sipanala ya 8 kapena ya 10, ndipo ya mamilimita 8 imakhala ndi mutu wa sipanala ya 12 kapena ya 13. Munthu amene wagwira sipanala ya 10 n'kukawerenga mzere wa mamilimita 10 amamanga kabawuti ka 10 Nm pa mphamvu yoposa katatu. Ndikukhulupirira kuti kusokoneza kumeneku kwadula mabawuti a zivindikiro ochuluka kuposa cholakwa china chilichonse cha anthu okonzera njinga pakhomo.

Chida choyezera ndi kagwiridwe kake

Torque wrench yofala kwambiri ndi imene imalira kuti "thwa" mukafika pa nambala imene mwatchera. Chida chimenechi chimayeza molondola kuyambira pa magawo 20 pa 100 a mphamvu yake yonse kupita m'mwamba, choncho chachikulu chofika pa 200 Nm n'chabwino pa nati ya gudumu koma n'chosadalirika pa 10 Nm, ndipo kulira kwake pa nambala yotsika kumakhala kofooka moti mukhoza kukupitirira osakumva. Ngati mungathe kugula chimodzi chokha, ine ndinganene kuti muyambe ndi chaching'ono cha pakati pa 5 ndi 25 Nm, chifukwa mabawuti ang'onoang'ono olowa mu aluminiyamu ndi amene sachedwa kuwonongeka, ndipo ndi omwewo amene amatseka oyilo.

Gwirani pakati pa chogwirira, kokani pang'onopang'ono mosadukiza, ndipo mukamva kulira koyamba siyani pomwepo. Kubwereza kawiri kapena katatu kuti mutsimikize kumangowonjezera mphamvu pa bawuti. Musachigwiritse ntchito pomasula mabawuti, musachigwetse, ndipo mukamaliza chibwezereni pa nambala yake yotsika kwambiri kuti sipuling'i ya m'kati isatope. Mungathe kuchiyesa nokha: panani kamutu kake pa vayisi, chogwirira chikhale chopingasa, kenako kolekani katundu wa makilogalamu 5 pakati pa chogwiriracho. Ngati pali masentimita 30 kuchokera pa kamutu kufika pamene mwakoleka, mphamvuyo ndi pafupifupi 14.7 Nm, ndipo chida chotcheredwa pa nambala imeneyo chiyenera kulira chapomwepo.

Ngati mulibiretu chida chimenechi, gwiritsani ntchito sipanala yaifupi ndipo muigwire pafupi ndi mutu wa bawuti, chifukwa kutalika kwa sipanala kumachulukitsa mphamvu ya dzanja. Musalumikize paipi pa sipanala pomanga chilichonse cha pa injini.

Bawuti yokhuthulira oyilo

Apa ndi pamene ambiri amayambira mavuto, chifukwa bawuti imeneyi imamasulidwa nthawi iliyonse imene mukusintha oyilo. Pansi pa mutu wake pamakhala washala ya aluminiyamu kapena ya kopa, imene inapangidwa kuti iphwanyike pang'ono n'kudzaza timizere tonse ta pa zitsulo ziwirizo. Ikaphwanyika kamodzi imauma ndipo siphwanyikanso bwino kachiwiri. Mwininjinga akaibwezera yomweyo oyilo amayamba kunyowetsa, iye amamangitsako, ulendo wotsatira amamangitsanso, mpaka tsiku limene mazinga amatha.

Ine zinandionekera pa njinga yanga yoyamba. Ndinali nditabwezera washala yomweyo kachinayi, ndipo pamene ndinkakoka sipanala komaliza ndinamva kulimba kuja kukusanduka kufewa mwadzidzidzi, bawuti n'kumangozungulira osagwira. Nditaitulutsa ndinapeza kawaya kopyapyala ka aluminiyamu katakulungika m'mazinga ake ngati ulusi, ndipo kawaya kameneko kanali mazinga a injini yanga. Kufewa kotereku mukakumva pa bawuti ina iliyonse, lekani nthawi yomweyo, chifukwa kupitiriza kumamaliza mazinga amene anatsala.

Njira yoyenera yobwezera bawuti yokhuthulira oyilo ndi yosavuta. Pukutani pakamwa pa bowo ndi kansalu koyera, onetsetsani kuti washala yakale sinakakamire pa injini, valikani yatsopano, ndipo lowetsani bawuti ndi zala zokha mpaka mutu wake ukhudze washala. Ikakana kulowa ndi zala ndiye kuti yalowa mopendekera kapena mazinga ali ndi vuto, ndipo sipanala ingowononga. Ikafika, malizani ndi torque wrench pa nambala ya m'buku, imene pa njinga zambiri zing'onozing'ono imakhala pakati pa 20 ndi 30 Nm. Popeza mazinga a pamenepa amakhala onyowa kale ndi oyilo, musapitirire nambalayo ngakhale pang'ono. Washala ya kopa mukhoza kuifewetsanso poiotcha mpaka ifiire n'kuisiya izizire, ngati yatsopano palibe ndipo yakaleyo sinang'ambike, koma ya aluminiyamu ingotayidwa.

Pa njinga zokhala ndi fyuluta yomangira kunja, pakani oyilo pang'ono pa labala wa fyuluta yatsopano ndipo muonetsetse kuti labala wa yakale sanatsalire pa injini, chifukwa malabala awiri osanjikizana amaphulika injini ikalira n'kukhuthula oyilo wambiri m'kanthawi kochepa, mwinanso pa tayala lakumbuyo. Mangani pa nambala ya m'buku, kapena monga mmene zalembedwera pa fyulutayo. Zimene fyuluta yake imakhala m'kati zili ndi kachivindikiro ka timabawuti ting'onoting'ono ndi kalabala kozungulira, ndipo kalabalako kakaphwatalala kasinthidwe.

Zivindikiro za m'mbali mwa injini

Chivindikiro cha klatchi ndi cha mbali ya magetsi zimagwidwa ndi mabawuti ambiri a mamilimita 6, ndipo kawirikawiri sakhala otalika mofanana. Musanamasule, jambulani chithunzi cha chivindikirocho pa katoni, boolani timabowo, ndipo bawuti iliyonse mukaichotsa ibayeni pamalo pake. Bawuti yaitali ikalowa m'bowo lalifupi imagunda pansi isanapanikize gasiketi, chida chanu chimalira ngati zonse zili bwino, koma oyilo amatuluka, ndipo mukaumiriza thupi la injini limang'aluka. Yaifupi ikalowa m'bowo lalitali imagwira mazinga ochepa n'kuwazula. Ngati mwasokoneza kale, ikani mabawuti onse m'mabowo osawazunguza: onse ayenera kutsala kunja motalika mofanana, ndipo imene yatsala kwambiri kapena yamira ili pamalo olakwika.

Ntchito imene imatenga nthawi yaitali ndi yochotsa gasiketi yakale, ndipo m'pamene zotsatira zonse zimadalira. Palani ndi chopalira cha pulasitiki, moleza mtima, mpaka zitsulo ziwirizo ziyere. Sikuludiraiva kapena mpeni zimasiya mizere yakuya pa aluminiyamu, ndipo mzere umodzi wodutsa kuchokera m'kati kufika kunja ndi ngalande yokwanira kuti oyilo wotentha adutse. Tsekani m'kati mwa injini ndi nsalu kuti tizidutswa tisagweremo. Mukamaliza, gonekani chivindikirocho pa galasi lochindikala ndipo muone ngati chikugwedera kapena ngati pali mpata wolowa kapepala. Chopindika pang'ono chimawongoka mukachikhula mozungulira pa sandipepa yosalala yoyalidwa pa galasi lomwelo, koma chopindika kwambiri chimafuna china.

Mabowo a mabawuti atsukidwe ndi kuumitsidwa. Oyilo wotsalira m'bowo losatulukira kwina alibe kothawira bawuti ikamalowa, ndipo popeza madzimadzi sapanikizika, mphamvu yake imatha kung'alula aluminiyamu. Onetsetsani kuti timapaipi tiwiri tachitsulo timene timaongolera chivindikiro tili m'malo mwake, ikani gasiketi yatsopano, lowetsani mabawuti onse ndi zala, kenako mangani modumphadumpha, bawuti ya mbali ino kenako yoyang'anizana nayo, maulendo awiri kapena atatu: koyamba mongogunditsa, kachiwiri theka la nambala, komaliza nambala yonse. Mukamanga imodzi mpaka kumapeto zinzake zili zomasuka, chivindikiro chimapendekera ndipo gasiketi imapanikizika mbali imodzi.

Za silikoni ndili ndi mawu amphamvu. Gasiketi ya pepala yoikidwa pa zitsulo zoyera ndi zosalala sifuna kupakidwa kanthu, kupatula kadontho pamene buku lanena, monga pamene magawo awiri a thupi la injini amakumanira kapena pa kalabala kamene mawaya a magetsi amatulukira. Silikoni amene mumamuona atafinyikira kunja wafinyikiranso m'kati mochuluka chimodzimodzi, ndipo akauma amathothoka n'kukatseka sefa ya oyilo kapena timipita topititsa oyilo ku mutu wa injini. Injini yodontha imayendabe bola muziwonjezera oyilo, koma yotsekeka timipita timeneti imagwirana m'kati n'kusiya kuzungulira.

Chivindikiro cha mavalavu pa njinga zambiri chimakhala ndi gasiketi ya labala, ndipo mabawuti ake ali ndi phewa limene limagunda pa mutu wa injini pa mlingo woikika, nthawi zambiri pafupifupi pa 10 Nm. Phewalo likagunda, kumangitsa kwina kulikonse sikuwonjezera kupanikiza pa labala, kumangokoka mazinga. Pakadontha pamenepa ndiye kuti labala wamkulu kapena timalabala ta pansi pa mitu ya mabawuti tauma ndi kutentha, ndipo tifunika tatsopano. Manati a mutu wa injini ali ndi ndondomeko yawoyawo ya kamangidwe, ndipo amenewo musawakhudze popanda buku.

Pamene sipanala ilibe ntchito

Oyilo wotuluka pa shafuti ya supuloketi yakutsogolo, pa shafuti ya giya kapena ya kiki amadutsa pa sili ya labala yotha, ndipo palibe bawuti imene mungamange kuti asiye. Siliyo isinthidwe, mlomo wake upakidwe oyilo pang'ono, ndipo mano a shafuti akulungidwe ndi tepi poilowetsa kuti asaicheke. Tcheni chokokedwa kwambiri chimakoka shafuti ya supuloketi n'kuwononga sili ndi bering'i yake, choncho yezani kulendewera kwa tcheni musanaike sili yatsopano.

Mukaona kuti oyilo akunyowetsa malo angapo nthawi imodzi, kayikirani zinthu ziwiri. Choyamba ndi oyilo wothiridwa mopitirira mzere wapamwamba, amene kawirikawiri amabwera chifukwa choyeza njinga itatsamira pa sitandi ya m'mbali m'malo moimika chilili. Chachiwiri ndi kapaipi kopumira injini kamene kapindika kapena katsekeka, kotero kuti mpweya wa m'kati umasowa potulukira n'kuyamba kukankha oyilo pa sili ndi gasiketi iliyonse yofooka.

Mazinga akatha

Bawuti yokulirapo yolowetsedwa mokakamiza, tepi ya mapaipi a madzi kapena guluu sizikhalitsa, ndipo pa bawuti yokhuthulira oyilo zikhoza kukupatsani ngozi pamsewu. Kukonza kodalirika ndi kuikamo mazinga achitsulo atsopano, monga a Helicoil kapena a Time-Sert: bowo limakulitsidwa ndi dirilo ya muyeso wake, limadulidwa mazinga okulirapo, kenako mumalowetsa kachitsulo kamene m'kati mwake muli mazinga a kukula koyamba kuja. Chovuta chake ndi kuboola mowongoka, chifukwa bowo lopendekera limachititsa kuti mutu wa bawuti usakhale bwino pa washala. Pakani girisi pa chodulira mazinga kuti tizitsulo timamatirepo, ndipo mukamaliza tsanulirani oyilo pang'ono kudzera pothirira kuti atsuke totsalira musanatseke. Ngati simunachitepo ntchito imeneyi, yeserani kaye pa chidutswa cha aluminiyamu chotayidwa, kapena pititsani njingayo kwa makaniko wodziwa.

Mukamaliza ntchito iliyonse mwa zimenezi, pukutani malo onse aume, lizani injini mpaka itenthe, izimitseni ndipo muyang'ane ndi tochi mozungulira gasiketi yonse. Dikirani mphindi zingapo kuti oyilo atsikire pansi, yezani mlingo wake njinga ili chilili, ndipo musananyamuke onani kuti pa tayala lakumbuyo ndi pa mabuleki palibe oyilo. Gasiketi ya pepala imaphwa pang'ono ikatenthedwa koyamba, choncho mukabwerako ku ulendo woyamba, injini ikazizira, dutsaninso mabawuti a chivindikirocho ndi torque wrench pa nambala yomwe ija. Usiku umenewo yalani katoni yoyera pansi pa injini, ndipo m'mawa muione musanasunthe njinga.